Mitengo ya Kuseri kwa Bafa

1971

M'chaka cha 1971 ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinatsika basi ya ku Katete mumzinda waukulu uno ndili ndi bulangete limodzi ndi kalata ya Sitandade Folo. Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chake munakulira m'matope a Kanyama pamene ana a anzanga anakulira ku Lilanda, m'nyumba za mpopi pakhomo. Pakamwa sindinakuyankheni. Ndiyankha pano, ndipo ndiyankha kamodzi.

Ntchito ndinaipeza ku ofesi yosamalira mitengo ya m'misewu. Dzina lake sindilemba, ambiri amene anali m'menemo anagona kale. Anandiika ku nazale, kumene tinkafesa njere ndi kulera mbande. Kapitawo wathu anali a Sakala, mkulu wa ku Petauke, wamfupi, wosaseka. Tsiku langa lachitatu anandituma kukakonza malo a mbande khumi m'mphepete mwa msewu wa kumayadi. Ndinakumba maenje okongola, ndinabwerako ndikudzimva. Iwo anapita, anayang'ana maenje, anayang'ana ine.

"Wakumba bwino, Mbewe. Nanga mawa adzathirira ndani?"

"Sindidziwa, akapitawo."

"Ndiye wakumba manda khumi. Bwerera, ukafunse kaye za madzi."

Pa zonse zimene anandiphunzitsa, palibe chinaposa funso limenelo.

Zaka zimenezo dziko linali ndi ndalama za mkuwa. Tinkalandira ovolosi ziwiri pachaka, majombo, ndi sopo wamtanda mwezi uliwonse. Tinali ndi galimoto yamadzi imene tinkaitcha bauza, yobiriwira, yoyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta, ndipo mtengo uliwonse umene tabzala inkauyendera kawiri pamlungu mpaka mvula itagwa. Ndinkafika ku nazale dzuwa lisanatenthe. Nthawi imeneyo nthunzi inkakwera pamabedi onyowa, mbande zambirimbiri zitaima m'machubu akuda, iliyonse ndi dontho lake pansonga. Ukaima pakati pake unkamva ngati wakula kuposa nkhalango, mitengo yonse ikulekeza m'akakolo mwako. Mu Okutobala majakaranda a kumayadi ankachita maluwa, msewu wonse n'kukhala pepo kumwamba ndi pansi pomwe, ndipo njinga yodutsa pamaluwapo sinkamveka.

Ndinakwatira amayi anu, tinapeza zipinda ziwiri ku Kanyama. Pobwerera kunyumba ndinaona chinthu chimodzi: mthunzi unkathera pa njanji. Ukadutsa njanji ndi mafakitale kunali dzuwa lokhalokha, fumbi, ndi miyala yoyera yotuluka m'nthaka ngati mafupa. Ndinkayenda msewu umenewo ndikubzala mitengo m'mutu. Apa jakaranda, apo mbawa, pamphambano paja mkuyu waukulu woti azimayi ogulitsa tomato azikhala pansi pake. Pofika pakhomo ndinali nditayenda mumthunzi njira yonse, ngakhale malaya anali atanyowa ndi thukuta. Amayi anu ankati ndimabwera ndi maso a munthu wochokera kutali.

1979

A Sakala anapuma, anabwerera kwawo. Ukapitawo unagwera ine wa Sitandade Folo, pamene panali ena a Fomu Thu. Sindinaupemphe. Ofesi inali ndi nyumba zake ku Lilanda, ndipo kapitawo akagwira zaka zisanu ndi ziwiri wopanda mlandu ankapatsidwa imodzi. Dzina langa linalowa pa mndandanda. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi amayi anu anati tikazione nyumbazo. Tinayenda wapansi. Iwe Tisa, mwana wanga woyamba, unali ndi zaka zisanu, unadandaula miyendo njira yonse. Amayi anu anaima pa waya nthawi yaitali, akuyang'ana mayi wina amene ankatsuka mbale pa mpopi wa pakhomo pake, madzi akungotuluka, popanda mzere, popanda wokankha chidebe cha mnzake.

"Atate a Tisa, ija ni pompi yake yekha?"

"Yake yekha."

"Olo afune kusamba kawiri?"

"Ngakhale katatu. Dikirani zaka zisanu ndi ziwiri."

"Nizayembekeza. Koma mwalonjeza."

Ndinalonjeza.

Ukapitawo ndinaulandira nthawi imene zinthu zinayamba kutha. Mkuwa unatsika mtengo. Sopo anasowa, mafuta ophikira anasowa, ufa unkagulidwa pamzere. Ku nazale ovolosi inakhala imodzi pachaka, kenaka inalekeka osatsanzika. Machubu anatha. Ndinatuma anthu anga kukatola zitini ndi mapaketi a mowa wamasese kuseri kwa mabala, tinaboola pansi, tinafesamo. Bauza inaphulika tayala, tinaika lapadera. Linaphulika lina, tinaikweza pamiyala kuti idikire matayala. Nkhuku ya mlonda inaikira mazira pampando wa dalaivala, inaswa, anapiye anakula, nawonso anaikira pomwepo. Ife sitinaleke ntchito. Tinasintha nthawi yokha: tinkabzala mu Disembala, mvula itakhazikika, kuti mtambo ugwire ntchito ya bauza. Yambiri ya mitengo imeneyo inakhala.

Patapita zaka zingapo, nyengo ya mango ndinayamba kudutsa pamsika ndi thumba, kutola njere zimene anthu ataya. Ndinawonjeza za mapeyala ndi magwafa. Ofesi sinanditume. Anzanga ankati kapitawo wasanduka wotola zinyalala. Ndinazifesa kumapeto kwa nazale, pafupi ndi mpanda, ndipo patapita nyengo ziwiri zinali mbande mazana anayi, zina zolekeza m'chiuno. Sindinadziwe kumene zidzapite. Ndinkangokonda kuziona.

1986

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo nyumba ya ku Lilanda inali itatsala miyezi itatu. Chaka chimenecho kunabwera ndalama zochokera kunja, zoti ziteteze chilengedwe. Mawu amenewa tinali tisanawamvepo ku nazale, ife tinkangoti kubzala mitengo. Ndalamazo zinabwera ndi bwana watsopano, a Chileshe, wamng'ono kwa ine, wophunzira, wa tayi. Sanali munthu woipa mtima. Anatisonkhanitsa, anati msewu waukulu wa ku Kanyama udzabzalidwa mitengo mbali zonse ziwiri. Nditamva ndinatuluka, ndinakhala pansi mumthunzi wa bauza yakufa ija, ndinatseka maso. Msewu wa m'mutu mwanga uja unali kubwera. Ndinamva ndi fungo lake lomwe.

Kenaka ndinaona zimene ndalamazo zinagula. Galimoto yoyera ya bwana. Chikwangwani chachitsulo chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Masikipa ojambulidwa mtengo pachifuwa. Msonkhano wa masiku atatu ku hotela, kumene anandiitana tsiku limodzi, ndinadya nkhuku, ndinamva anthu osadziwa kugwira piki akundifotokozera ubwino wa mitengo. Makheni othiririra makumi awiri, onyezimira. Matayala a bauza sanagulidwe. Lamulo linatuluka loti mbande zonse zimene zinali ku nazale zibzalidwe pakati pa Seputembala: za mthunzi mazana asanu ndi atatu, ndi zanga za zipatso zija mazana anayi, chifukwa nazonso zinali zitawerengedwa kuti ndi za ofesi.

Ndinalowa mu ofesi ya a Chileshe chipewa chili m'manja.

"Bwana, mvula ili kutali miyezi iwiri. Pansi pa msewu uja pali mwala, piki imalira. Tidikire Disembala, kapena mutigulire matayala ndi dizilo."

"Ba Mbewe, nkhalani pansi. Mvelani. Ndalama iyi inabwela na malamulo yake. Ya mbande ilipo, ya mwambo ilipo, ya chikwangwani ilipo. Ya matayala kulibe. Nikagula tayala, ine nizamangiwa."

"Nanga adzathirira ndani?"

"Si makheni aya tagula?"

"Kheni imafuna madzi, bwana. Ku Kanyama mayi amaima pampopi kuyambira m'mawa kuti apeze chidebe chimodzi."

Anavula magalasi, anaseka pang'ono. "Imwe ba mudala, muganiza siniziba? Balendo babwela mwezi uno. Bafuna kuona mitengo pa mulaini, bajambule, babwelele kwao. Tikalinda mvula ndalama ibwelela, na chaka cha mawa sitizaonako olo ngwee. Bzalani chabe. Yamene izafa, izafa."

Ndinavala chipewa ndisanatuluke pakhomo. Zimenezo sindinachitepo kwa bwana aliyense.

Loweruka masana ndinalowa m'bafa yathu. Mukuikumbukira: masaka ndi malata akale, pamwamba popanda denga, pakati mwala wopondapo. Ndinadzithira madzi, ndinayang'ana kumene akupita. Ankatuluka pansi pa lata, n'kutsata kangalande, n'kukathera patsinde pa mtengo wa gwafa umene unamera wokha zaka zapitazo. Kanyama yense anali mbuu ndi fumbi, koma mtengo umenewo unali wobiriwira ngati wa m'dimba. Palibe anaugulira kheni. Ndinaima momwemo, madzi akuuma pathupi, ndipo ndinaona komboni yathu monga amaionera khwangwala: nyumba iliyonse ndi bafa yake kuseri, bafa iliyonse ndi kamalo kake konyowa, timadontho tosawerengeka pamwamba pa mwala wouma. Munthu angagone ndi njala, koma m'mawa amasamba, ngakhale ndi theka la chidebe. Bauza yathu inalipo kale. Inali azimayi a pamzere wa mpopi.

"Ba Mbewe, mwafela mu bafa? Tiitane ba mpingo?"

Anali amake Joyisi, mnansi wathu wogulitsa zitumbuwa, mayi wa pakamwa posatsekeka. Ndinavala, ndinatuluka.

"Amake Joyisi, ndikakupatsani mtengo wa mango mungausunge?"

"Vija va pa msewu? Awe. Vija ni va boma, mbuzi zizadya, ine nilibe navo nchito."

"Wanu. Kuseri kwa bafa yanu."

"Wanga wanga? Uyo olo ibwele mbuzi ya ba cheyamani, niiphwanya mwendo."

"Koma musamale, sopo amaotcha mizu."

"Sopo? Ba Mbewe, mwaiona kuti sopo chaka chino? Niuzeni nikaime pa mulaini!"

Amayi anu anali pakhonde, anamva zonse. Mnansi atapita anafunsa motsitsa mawu.

"Bwana aziba?"

"Adzadziwa."

"Miyezi itatu chabe, atate a Tisa."

"Ndikudziwa."

Lolemba lole inatsitsa mbande zonse m'mphepete mwa msewu. Ndinagawa anthu anga pawiri. Ena anatenga mapiki kukabzala za mthunzi monga bwana ananenera. Za zipatso ndinazikweza pa mawilibala, dzuwa lili pamutu, aliyense akuona. Masiku asanu ndi limodzi tinayenda khomo ndi khomo. Lamulo langa linali ili: ndione bafa ndi maso anga, dzenje likumbidwe mapazi awiri kuchokera pa kangalande, ndipo mwini nyumba atchule amene adzatchinge mtengowo ndi minga tsiku lomwelo. Wopanda bafa sindinam'patse, ngakhale anali mkulu wa mpingo wathu. Ena anamanga bafa usiku umodzi kuti alandire. Mlungu umenewo ndinagwira ntchito yabwino kuposa yonse ya moyo wanga, ndipo sindinamve kutopa.

Tsiku la mwambo linafika. Panali tenti, ana a sukulu oimba, ife titavala masikipa. Mayi wina wa kunja wa chipewa chachikulu anabzala mtengo umodzi patsinde pa chikwangwani ndi fosholo yatsopano yomangidwa nsalu, anauthirira ndi madzi amene anabwera m'galimoto yoyera. Anthu anaomba m'manja. Koma mlendo wina anali ndi pepala. Anayenda ndi mzere wa mitengo, ndipo mzerewo unathera pakati pa njira, pamene pepala lake linkati ufike kumapeto. M'mawa mwake ndinaitanidwa.

"Ba Mbewe, fo handiredi ili kuti?"

"Kuseri kwa mabafa, bwana. Tiyeni ndikuonetseni. Khomo lililonse ndikulidziwa."

"Nitenge balendo ba kunja nibapeleke kumbuyo kwa vimbuzi va bantu? Mwapenga? Bafuna mitengo yooneka!"

"Idzaoneka, bwana. Ikakula."

A Chileshe anatsegula kabati. Kenaka anatulutsa pepala lotayipa kale, lonena kuti mbande mazana anayi zinabedwa ndi anthu a m'komboni.

"Sainani apa. Naona pa mndandanda, nyumba yanu ni ya mu Disembala. Bapolisi bazayenda chabe, bazule viwili vitatu, bagwile muntu umozi, nkhani yasila."

"Sizinabedwe. Ndinapereka ndine."

"Mudala, ganizani bana."

Ndinaganiza za inu. Musanene kuti sindinaganize. Ndinagwira cholembera, ndipo papepala paja ndinaona mpopi wa ku Lilanda, madzi akutuluka, amayi anu akutsuka mbale osafulumira. Ndinauona bwinobwino. Ndinaonanso apolisi akuyenda m'makomo amene ndinalowa ine ndi ulemu, akuzula zimene ndinabzala ndi manja anga, ndi amake Joyisi atakhala pansi pa simenti ya kupolisi, akutchedwa mbala chifukwa cha mtengo umene ndinawapatsa ndekha. Ndinaika cholembera pa tebulo.

"Lembani zoona, bwana, ndisaina."

Analemba zoona. Mlandu unali wogawa katundu wa ofesi popanda chilolezo. Akuluakulu ankafuna kundichotsa ntchito, koma a Chileshe omwewo anandidandaulira, ndipo zimenezo sindiiwala. Anandilanda ukapitawo, ndinabwerera pa piki. Dzina langa linachoka pa mndandanda wa nyumba.

Amayi anu ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinawauza zonse nditaimirira. Sanalire, sanakalipe. Anamaliza nyemba zawo, anapukuta manja m'chitenje.

"Mitengo ili na madzi manje," anatero. "Zikomo."

Ananyamula chidebe, anapita pamzere.

Mitengo ya pamsewu sinafike Novembala. Masamba anapiringizika mlungu woyamba. Mbuzi zinadya zimene dzuwa linasiya, ndipo timitengo totsala tinakolezera mbaula. Makheni sindidziwa kumene anapita, koma ndinaonapo ena akutunga madzi a zomangamanga ku Chawama. Wa patsinde pa chikwangwani unakhalako pang'ono chifukwa mlonda ankauthirira, mpaka chikwangwanicho chinabedwa ndi osula mbaula, mlonda n'kuchotsedwa. Chaka chotsatira ndalama zinabweranso, chifukwa zithunzi zinakondweretsa eni ake. Tinabzalanso msewu womwewo, mwezi womwewo, m'maenje omwewo. Ndinakumba nawo ngati lebala. Chaka chachitatu chimodzimodzi. Ndimakhulupirira kuti m'mabuku a kutali uko msewu umenewo ndi nkhalango.

2014

Ndinapuma ntchito mu 2003, ndili lebala. Tsopano maso akufooka, koma masana ndikakhala pakhonde ndi kutseka maso, msewu wanga uja ndimauyendabe. Majakaranda ali m'malo mwake, mkuyu uli pamphambano, azimayi a tomato ali pansi pake. Ndikatsegula maso pali fumbi ndi maminibasi. Tsiku lina mdzukulu anandikweza pamwamba pa nyumba yosanja imene ankamangako. Kuchokera pamenepo Kanyama ndi nyanja ya malata, koma pakati pa malatawo pali zisumbu zobiriwira, china apa, china uko, osati pamzere, chilichonse kuseri kwa nyumba. Mdzukuluyo anafunsa chimene ndikuloza. Ndinati ndikungowongola mkono.

Mtengo wa amake Joyisi unakula kuposa denga lawo. Chaka chilichonse ankabweretsa beseni la mango oyamba kwa amayi anu, akufuula kuyambira pamsewu kuti lendi ya ba kapitawo yafika. Ndi iwo okha amene sanaleke kunditcha kapitawo. Amayi anu ankalandira, ankadya, ankati ndi okoma. Dzina la Lilanda sanalitchulenso mpaka kumwalira kwawo, ndipo basi ikadutsa kumeneko ankayang'ana mbali ina.

Tsopano ndiwerenge zotayika, kuti musadzamve kwa wina. Mitengo ya pamsewu, chaka choyamba, mazana asanu ndi atatu, yonse. Ya zaka ziwiri zotsatira sindinawerenge. Ya kuseri kwa bafa, mwezi watha ndinayenda ndi ndodo khomo ndi khomo, ndinapeza makumi asanu ndi limodzi ndi itatu ikubalabe. Ina inadulidwa pomanga zipinda za lendi, ina inafa ndi madzi osefukira. Ukapitawo, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nyumba imodzi ya zipinda zitatu. Mabuku anu a sukulu amene anaola madzi atalowa m'nyumba, kawiri. Mpopi umodzi. Amayi anu anatunga pamzere mpaka mwezi umene anagona.

Za mitengo sindipepesa kwa munthu. Za mpopi ndinachedwa kupepesa.